Mabowo Asanu pa Katoni

Malume anga a Yelemiya sankakhulupirira chipolopolo chogula.
Ankati chili ngati nsapato ya pa kaunjika:
phazi lilowa, inde, koma inaumbidwira wina.
Ndiye fodya akachoka m'chigafa
ankayala nsalu yoyera pa benchi
n'kundandalika tizikhokhombe tamkuwa,
tating'ono ngati mtedza wosasenda,
tonunkhabe moto wa sabata yatha.

Kasikelo kawo kankamva ngakhale mpweya wa munthu.
"Esinta, usapumire kuno."
Ndinkapumira m'chitenje.
Onga ankauthira ngati mchere wa munthu amene adokotala amuletsa,
kanjere kakapyola, abweza,
kakaperewera, adikira,
lilime lili pakati pa mano.
Kenaka kope la masamu lomwe ndinalisiya sukulu:
tsiku, mphepo, mapazi angati,
ndi mawu amodzi kumapeto, "bwino" kapena "bodza".

Kwathu ku Chulu waya wa paki suletsa njala.
Anyani amadutsa m'mawa ngati opita kuganyu,
nungu usiku, m'chinangwa,
akhungubwi tsiku lomwe lija tabzala.
Anthu ankabwera kudzadandaula atanyamula mapesi othyoka.
Malume ankapita, chiphaso chili m'thumba la shati,
n'kuombera kamodzi.
Ankati wolasa nyama mwendo
wailakwira kawiri.

Loweruka linali la katoni.
Ndinkaikhomera pachitsa cha msuku, chulu chili kumbuyo,
n'kuwerenga mapazi zana kubwerera.
Iwo chafufumimba pa saka,
tsaya pamtengo wa mfuti,
kupuma, kutulutsa theka, kuiwala theka linalo.
Phaa!
Kasanu, motalikirana, paipi izizire.
Ndinkathamanga kukatenga,
ndipo mabowo asanu onse
ankabisala pansi pa chitsekero cha botolo.

Chaka chimene mvula inachedwa, mabowo anayamba kudana.
Lina kumwamba, lina kumphepete,
lina osaoneka n'komwe.
Anati ndi mwera.
Anati onga wamwa chinyezi.
Anapukuta kasikelo ndi nthenga ya nkhanga,
anapukuta galasi la mfuti mpaka kulira,
analemba "bodza", "bodza", "bodza" masamba atatu.
Ine ndinali nditauona kale
mtambo uja m'diso lawo lakumanja,
ngati dontho la mkaka m'tiyi wosatakasa.
Ng'ala sinkalembedwa m'kope.

Loweruka lina ndinabisa msomali m'tsitsi.
Nditafika pachitsa ndinawapatsa msana,
ndinatembenuza katoni kumbali yosagwiritsa ntchito,
ndinaboola kasanu, pafupipafupi,
mtima ukugunda kuposa mfuti.

Anailandira ndi manja awiri.
Sanaiyang'ane.
Anayendetsa chala, bowo ndi bowo,
monga ankachitira ndi tsamba la fodya posankha giredi,
kenaka anaifikitsa pamphuno.

Bowo la chipolopolo limakhala ndi milomo yotuwa,
limanunkha chinthu chimene chadutsa mofulumira.
La msomali ndi loyera ngati umboni wogula.

Njiwa inalira kudambo.
Ngolo inadutsa, ng'ombe imodzi ikutsimphina.
Ndinadikira kukalipidwa.

"Dzanja lako silinjenjemera," anatero.
"Waboola molingana bwino."
Anasuntha pa saka paja,
nasasa fumbi pamalo pamene panali chigongono chawo.
"Gona apa. Tsaya apa.
Usakoke, ungofinya, ngati ukuyesa papaya ngati lapsa.
Ndipo katoni ikanena zoipa, uisiye inene."

Tsiku limenelo ndinaphonya kanayi.
Lachisanu linaluma ngodya.
Iwo anatsegula kope, nandipatsa pensulo,
chifukwa mizere sankaionanso.
Ndinafunsa kuti ndilembe chiyani kumapeto.
Anati, "Lemba zimene zachitika."

Kasikelo kali ndi ine tsopano.
Iwo amakhala pakhomo pa chigafa, chipewa chili pamaondo,
kumvetsera kuchokera kutali.
Ndikabwera ndi katoni satambasula dzanja msanga.
Amayamba andiuza okha
bowo limene ndinakhethemula ndisanamalize kupuma.